Fitala wathu wapuma pa ntchito, fakitale yaima masiku anayi: kodi luso la antchito timalisunga bwanji?

Kapitawo_waMakata

Ndabwera ndi dandaulo, koma ndikufunanso nzeru zanu. Ndine kapitawo pa fakitale ina yoyenga mafuta ophikira mu mzinda wa Blantyre. Miyezi itatu yapitayo bambo amene anakhala fitala wathu kwa zaka 26 anapuma pa ntchito. Tinawachitira phwando, tinawagulira malata ndi njinga, ndipo anabwerera kumudzi. Sabata yathayi makina ofinyira soya anayamba kutentha ndi kuzima okha, moti tinakhala masiku anayi osatulutsa ngakhale chigubu chimodzi. Mabuku a makinawo alipo, injiniya wathu wachinyamata anawawerenga tsamba ndi tsamba, anasintha lamba, anayeza mota, koma vuto silinaoneke. Tsiku lachinayi tinawaimbira foni bambo aja. Iwo sanafunse za mota ayi. Anati nditenge njere ya soya ndiilume, kenaka ndiwauze mmene yaswekera. Nditawauza kuti yathetheka ngati mwala, anaseka n'kunena kuti soya wa mu Okutobala amakhala atauma mopitirira, choncho tiwonjezere nthunzi pang'ono asanalowe m'makina ndipo timasule pang'ono potulukira keke, zotsalira za soya akafinyidwa. Pasanathe ola makina anayamba kuyenda bwino.

Tsopano abwana akufuna kugula pulogalamu ya pa kompyuta yoti aliyense azilembamo zomwe akudziwa, akuti ndiye knowledge management (kasungidwe ka luso ndi chidziwitso cha antchito) imene makampani akuluakulu amachita. Ndalama zake n'zambiri ndithu. Inu amene mumagwira ntchito m'malo osiyanasiyana, kodi zimenezi zimathandizadi, kapena tingotaya ndalama?

Nyalugwe_waPhalombe

Munawagulira njinga yopitira kumudzi, koma simunakhale nawo pansi ngakhale tsiku limodzi kuwafunsa zomwe zinali m'mutu mwawo. Safunsa anadya phula.

Mphunzitsi_waZamalonda

A Kapitawo, zomwe zakuonekeranizi zinalembedwa kalekale m'mabuku a kayendetsedwe ka makampani. Mu 1966 katswiri wina wa maphunziro, Michael Polanyi, anafotokoza kuti munthu amadziwa zambiri kuposa zomwe angathe kunena ndi pakamwa. Pali chidziwitso cholembeka, monga kukula kwa lamba kapena mphamvu ya mota, ndipo pali china chimene chimakhala m'manja, m'makutu ndi m'mano a munthu, monga kuluma njere kuja. Mukanawapatsa bambo aja pepala kuti alembe zonse zomwe amadziwa, ndikukayika ngati akanalemba za kuluma soya, chifukwa kwa iwo sichinali chidziwitso koma chizolowezi chabe.

Ikujiro Nonaka ndi Hirotaka Takeuchi, m'buku lawo la 1995, anapereka chitsanzo cha kampani ya Matsushita ku Japan, imene inkafuna kupanga makina ophikira buledi kunyumba. Makina oyamba ankatulutsa buledi wopserera kunja koma wosapsa mkati, ndipo mainjiniya analephera kupeza chifukwa. Mayi wina wa pa kampaniyo, Ikuko Tanaka, anapita kukaphunzira kukanda fulawa kwa mkulu wa ophika buledi pa Osaka International Hotel. Wophikayo sankatha kufotokoza chinsinsi chake, koma mayiyo atakanda naye limodzi kwa nthawi anaona kuti bamboyo sankangokoka fulawa wokandayo, ankamupotokolanso. Mainjiniya atayika kupotokolako m'makina, buledi anayamba kutuluka wabwino, ndipo makinawo anafika pa msika mu 1987. Zindikirani kuti panalibe fomu yodzaza pamenepa. Panali munthu amene anaima pambali pa katswiri mpaka anaona chimene katswiriyo sankadziwa kuti amachita. Injiniya wanuyo anayenera kukhala akuyenda pambuyo pa fitala uja kwa chaka chathunthu asanapume.

Fitala_Wakale77

Aphunzitsi, zonsezo n'zoona, koma mwasiya mbali imene ife a ovolosi timaidziwa bwino. Ine ndagwira ntchito ya makina zaka zambiri. Ndikafuna kudziwa ngati bering'i yayamba kutha, ndimatsamiritsa nsonga ya sikuludiraiva pa chitsulo chake, chogwirira n'kuika pa khutu, ndipo phokosolo limandiuza ngati yatsala ndi sabata kapena miyezi itatu. Ndili ndi kabuku m'thumba la ovolosi, kodetsedwa ndi girisi, momwe ndimalemba tsiku limene ndasintha chilichonse. Kabuku kameneko sindinakaonetsepo bwana aliyense, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Pa kampani ina yomwe ndinagwirako, tinauzidwa kuti tiphunzitse anyamata ongochoka kumene ku sukulu za ntchito zamanja. Tinawaphunzitsa ndi mtima wonse. Patangotha chaka kunabwera kuchepetsa antchito, ndipo amene anachotsedwa tinali ife a malipiro okwererapo, anyamata aja n'kutsala. Munthu amene waona zoterezi mungamuuze bwanji kuti alembe luso lake mu kompyuta ya kampani? Luso langa ndilo chikole changa.

Nyalugwe_waPhalombe

Apa ndiye pagona nkhani. Pulogalamu ya abwana ija siingachotse mantha amenewa.

Dada_waIT

Ine ntchito yanga ndi yokhazikitsa mapulogalamu oterewa, ndiye mwina mukuyembekeza kuti ndiwaikira kumbuyo. Ndiwaikira kumbuyo pang'ono chabe. Ndaikapo pulogalamu yotere ku bungwe lina lomwe si la boma. Mwezi woyamba anthu analowetsamo malipoti ambirimbiri chifukwa abwana ankawerengera mayina a amene alemba. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi munalibe amene ankatsegulamo, ndipo munthu akafuna kudziwa kanthu ankangofunsa pa gulu la WhatsApp monga kale. Si ife tokha. Mu 2014 World Bank inafufuza malipoti ake omwe inawaika pa intaneti, ndipo inapeza kuti pafupifupi limodzi mwa malipoti atatu alionse linali lisanatsitsidwepo ndi munthu ngakhale kamodzi. Limeneli ndi bungwe lomwe kuyambira mu 1996, mu nthawi ya mtsogoleri wake James Wolfensohn, linkadzitcha nkhokwe ya chidziwitso.

Koma palinso pomwe zinayenda. Kampani ya Xerox, yopanga makina a fotokope, inali ndi mabuku akuluakulu otsogolera amakaniko ake. Wofufuza wina, Julian Orr, atayenda nawo amakanikowo anapeza kuti mavuto ovuta kwenikweni sankathetsedwa ndi mabukuwo, koma ndi nkhani zomwe ankauzana pa chakudya cha m'mawa ndi cha masana. Kampaniyo inakhazikitsa pulogalamu yotchedwa Eureka, imene inayesedwa koyamba ku France, momwe makaniko ankalemba mwachidule njira yomwe watulukira. Katswiri mnzake ankayamba waiyesa isanafalitsidwe, ndipo pamwamba pake pankakhala dzina la mwini wake. Pamene panabwera maganizo oti olembawo azilipidwa pa mfundo iliyonse, amakanikowo sanazifune, anasankha kuti dzina lawo lizioneka. A Fitala, ndikuganiza kuti mbali ina ya nkhawa yanu yayankhidwa pamenepa, popeza luso likalembedwa ndi dzina lanu, kampani yonse imadziwa amene ikumudalira.

Fitala_Wakale77

A Dada, dzina pa kompyuta silidyetsa ana. Ku Xerox mwina amakanikowo sankaopa kuchotsedwa mawa lake. Ine ndingalembe ngati m'mgwirizano wanga wa ntchito mwalembedwa kuti kuphunzitsa ena ndi udindo wanga ndipo uli ndi malipiro ake.

Namwino_waUsiku

Ndiyankhule za kuchipatala, kumene kutayika kwa chidziwitso kumapha munthu, osati kuimitsa makina. Nthawi yoopsa kwambiri mu wodi si pakati pa usiku, koma pamene ogwira usiku akusiyira ntchito ogwira masana. Pa chipatala china chomwe ndinagwirako tinali ndi buku lalikulu lachikuto cholimba losiyirana ntchito. Wotopa ndi usiku ankalemba kuti odwala onse ali bwino, n'kusaina, n'kuthamangira minibasi. Sisitala wina atabwera analamula kuti kusiyirana kuzichitikira pa bedi la wodwala aliyense, anamwino awiri ataimirira, wochokayo n'kunena zinthu zinayi zokha: wodwalayu anabwera ndi chiyani, wasintha bwanji usikuwu, walandira mankhwala ati nthawi yanji, ndipo wolowayo ayang'anitsitse chiyani. Zinkatitengera mphindi 20 zowonjezera ndipo tinkanyinyirika, koma nkhani zoti wodwala wadumphitsidwa jekeseni chifukwa aliyense amaganiza kuti mnzake wabaya kale zinachepa mooneka.

Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa pepala la mfundo 19 zoti madokotala ndi anamwino azifunsana mokweza asanagoneke wodwala, asanayambe kung'amba, komanso wodwala asanatuluke mu fiyeta. Analiyesa m'zipatala 8 za m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo cha ku Ifakara ku Tanzania, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2009 zinaonetsa kuti imfa zotsatira opaleshoni zinatsika kuchoka pa anthu 15 mwa 1,000 alionse kufika pa 8. Pa pepalalo panalibe nzeru yatsopano imene madokotala sankaidziwa. Chimene linachita n'kufikitsa chidziwitsocho pa malo ndi pa mphindi imene chikufunika, ndiponso kupatsa namwino wamng'ono mphamvu yofunsa dokotala wamkulu ngati nsalu zonse zopukutira magazi zawerengedwa.

Mphunzitsi_waZamalonda

Mayi Namwino, ndiwonjezerepo kuti pepala lomwelo litakakamizidwa m'zipatala za ku Ontario ku Canada, kafukufuku wa mu 2014 sanapeze kusintha kwenikweni pa chiwerengero cha imfa. Ambiri amene anaunika nkhaniyi amaganiza kuti pepala limagwira ntchito pamene anthu akulankhulanadi, osati pamene wina akungochonga mabokosi kuti lipite mu faelo.

Namwino_waUsiku

Zimenezo sindikutsutsa. Ndaonapo pepalalo likudzazidwa wodwala atafika kale ku wodi.

Kalaliki_waBoma

Inu a m'mafakitale muli ndi mwayi chifukwa fitala wanu anakhala zaka 26 pa malo amodzi. Ife m'boma munthu amasamutsidwa ndi kalata ya tsiku limodzi. Nditafika pa ofesi yomwe ndili panoyi ndinapeza kalata yosiyirana ntchito ya theka la tsamba, yonena za makiyi, mipando iwiri ndi kabati. Za ntchito zomwe zinali pakati, za amene tinagwirizana nawo chiyani, za chifukwa chimene kontilakita wina anaimitsidwira, munalibe. Zonsezo zinapita ndi laputopu ya mwini wake komanso imelo yake ya Gmail, popeza ndi zimene ankagwiritsa ntchito. Ndinatha miyezi inayi ndikuyambiranso zinthu zomwe zinali zitatheka kale. Chodabwitsa n'chakuti kale kaundula wa mafaelo ankagwira bwino ntchito, kalata iliyonse inkalowa mu faelo yokhala ndi nambala, ndipo mafaelo akale ankapita ku National Archives ku Zomba. Makompyuta atabwera tinasiya njira yakaleyo tisanamange yatsopano. Tsono lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza mauthenga a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, koma nzika ingapatsidwe bwanji chikalata chimene ofesi yeniyeniyo siikudziwa komwe chili?

Nyalugwe_waPhalombe

A Kalaliki, musaiwale kuti inu chidziwitso mumakagawana ku nyanja. Wekishopu ya masiku atatu ku Mangochi, alawansi m'thumba, lipoti m'kabati.

Kalaliki_waBoma

Mukuseka koma simukunama kwenikweni. Vuto lake n'lakuti amene amapita ku wekishopu nthawi zambiri si amene amagwira ntchitoyo, ndipo akabwerako palibe amene amawafunsa kuti afotokozere anzawo. Komabe musatiweruze tonse, malipiro a kalaliki mukuwadziwa, alawansi ija ndi imene imalipira fizi.

Mayi_waSACCO

Nkhani ya alawansi tiisiye kaye, ikhoza kutidyera sabata yonse, ndipo a Kapitawo sanayankhidwebe ngati agule pulogalamuyo kapena ayi.

Wapamgodi_Rustenburg

Ndikulemba kuchokera ku South Africa komwe ndimagwira ntchito yoona za chitetezo cha antchito pa mgodi. Mbali imene sinatchulidwe ndi ya zolakwa. Chidziwitso chamtengo wapatali pa kampani iliyonse ndi cha zinthu zomwe zinatsala pang'ono kulakwika, koma ndi chimenenso anthu amabisa kwambiri poopa kalata ya chenjezo. A zandege anazindikira izi kalekale. Ku America kuyambira mu 1976 woyendetsa ndege kapena wogwira ntchito pa bwalo akalakwitsa amatha kulemba lipoti lachinsinsi, ndipo amene amalandira malipotiwo ndi NASA, bungwe lofufuza za mlengalenga, osati bungwe lopereka ziphaso ndi zilango. Dzina limachotsedwa, phunziro limafalitsidwa kwa onse. Ku Toyota wantchito wamba ali ndi chilolezo chokoka chingwe choitanira mtsogoleri wake, ngakhale kuimitsa mzere wonse wopangira magalimoto, akaona cholakwika, ndipo sadzudzulidwa chifukwa cha zimenezo.

Ndikuchenjezaninso kuti kukhala ndi dongosolo labwino sikutanthauza kuti akuluakulu amamva. NASA yomweyo inataya chombo cha mlengalenga cha Challenger mu 1986 ndi anthu 7, chikhalirecho mainjiniya anali atachenjeza usiku wake kuti mphira zotsekera mipata ya maroketi sizigwira bwino kukazizira. Mu 2003 inatayanso Columbia ndi anthu ena 7, ndipo komiti yofufuza inapeza kuti chizolowezi chonyalanyaza machenjezo chinali chisanathe. Kampani ya mafuta ya BP inkatamandidwa m'zaka za m'ma 1990 chifukwa cha njira yake yoti gulu lisanayambe ntchito yaikulu liziitana anzawo amene anachitapo ntchito yofanana kuti adzawaunikire. Komabe mu 2005 fakitale yake ya ku Texas City inaphulika n'kupha anthu 15, ndipo mu 2010 ngozi ya pa nsanja yokumbira mafuta m'nyanja ya Deepwater Horizon inapha anthu 11. M'malo onsewa chidziwitso chinalipo, chinangolephera kukwera masitepe kukafika kwa osankha zochita.

Mlangizi_waDedza

Ife a ulimi tinaphunzira izi movutikira. Uthenga wochokera ku malo ofufuzira za ulimi monga Chitedze ukafika kwa mlimi kudzera pa pepala kapena pa wailesi, amamva koma satsatira msanga. Ukafika kudzera mwa mlimi wotsogolera wa m'mudzi momwemo, amene munda wake anthu amaudutsa popita ku chigayo, amatsatira, chifukwa aona ndi maso ndipo akhoza kufunsa popanda manyazi. Alangizi ndife ochepa poyerekeza ndi mabanja omwe timayenera kuwafikira, choncho popanda alimi otsogolerawa ntchito siingayende. Koma ndikufuna nditsutsane pang'ono ndi mtima wolemekeza chilichonse chimene wamkulu wanena. Si zonse za m'mutu mwa wokalamba zomwe zili zoona lero. Kagwedwe ka mvula kasintha, mitundu ya mbewu yasintha, ndipo mbozi zowononga chimanga zimene zinafika kuno cha mu 2017 palibe gogo amene anali atazionapo. Mukadzakhala pansi ndi fitala wanu uja, zimene anene muziziyesa, osangozilemba ngati malamulo.

Fitala_Wakale77

A Mlangizi akunena zoona pamenepo, ndivomereze. Ine ndinakana kwa zaka zambiri kachipangizo koyezera kunjenjemera kwa makina, ndinkati khutu langa ndi lokwanira. Tsiku lina mnyamata wina anandionetsa kuti kachipangizoko kanaona vuto milungu iwiri khutu langa lisanamve kanthu. Koma nayenso sankadziwa kuti akaike pati mpaka nditamulozera.

Mayi_waSACCO

A Kapitawo, ngati fakitale yanu ili ndi chiphaso cha ISO 9001, muyezo wa padziko lonse wa kayendetsedwe kabwino ka ntchito, kapena ikuchifuna, auzeni abwana kuti ndime 7.1.6 ya muyezo wa 2015 imafuna kuti kampani idziwe chidziwitso chimene ntchito zake zimadalira, ichisunge, ndipo chizipezeka kwa ochifuna. Palinso muyezo wapadera wa nkhani yomweyi, ISO 30401, womwe unatuluka mu 2018. M'miyezo yonseyi mulibe pomwe akukakamiza kugula pulogalamu. Ndikunena izi chifukwa abwana ambiri amamva msanga mawu a oyendera mabuku kuposa a kapitawo wawo.

Ife ku SACCO kwathu tinabwereka njira imene asilikali a ku America amagwiritsa ntchito akatha ntchito iliyonse. Timakhala pansi theka la ola n'kuyankha mafunso anayi: timayembekezera kuti pachitika chiyani, chachitikadi n'chiyani, kusiyanako kwabwera chifukwa chiyani, ndipo ulendo wina tidzachita bwanji. Timatero ngongole yaikulu iliyonse ikalephera kubwezedwa. Lamulo lake ndi loti sitifunsa kuti walakwa ndani, ndipo wamng'ono ndiye amayamba kulankhula, chifukwa manijala akayamba onse amangovomereza. M'menemo ndi momwe tinatulukira kuti ngongole zambiri za amalonda a mbewu zinkavuta chifukwa tinkaika tsiku loyamba kubweza iwo asanagulitse, chinthu chimene olemba ngongole a m'nthambi ankachidziwa kalekale koma panalibe pochinenera.

Dada_waIT

Funso lomwe abwana adzafunse ndi loti phindu lake adzaliona bwanji. Musawalole kuti ayeze ndi kuchuluka kwa zolembedwa, chifukwa anthu adzangodzaza zinyalala. Yezani ndi maola amene makina aima pa mwezi, kuchuluka kwa mavuto omwe abwereza kachiwiri, ndi miyezi imene wantchito watsopano amatenga kuti ayambe kugwira yekha. Masiku anayi aja muwerengetsere ndalama zake, muyerekeze ndi mtengo wobweretsa bambo aja masiku awiri pa sabata kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Nyalugwe_waPhalombe

Ndipo muwalipire ngati katswiri, osati kuwabwezera ya thiransipoti yokha ndi botolo la Fanta.

Kapitawo_waMakata

Zikomo nonse. Dzulo ndinakumana ndi abwana nditatenga chiwerengero cha zomwe tinataya pa masiku anayi aja, ndipo nkhani ya pulogalamu aiimika kaye mpaka chaka chamawa. Avomera kuti bambo aja azibwera Lachiwiri ndi Lachitatu, injiniya wathu aziyenda nawo ndi foni yojambulira, ndipo pa makina alionse timatapo pepala limodzi lokutidwa ndi pulasitiki lonena zoyenera kuona poyamba akavuta. Nkhani ya malipiro a ophunzitsa anzawo, imene a Fitala anaitchula, abwana sanaiyankhe, angoti aiganizira. Ndinawerenganso antchito amene atsala ndi zaka zosakwana zitatu kuti apume ndipo ndapeza anayi, mmodzi mwa iwo ndi amene amayendetsa boila, imene mpaka lero palibe wina amaigwira iye akadwala. Bambo aja ndawaimbira m'mawa uno, ndipo akuti abwera akamaliza kubzala, komanso akufuna adziwiretu kuti tsiku limodzi tiziwapatsa zingati.